Mmene mungadziwire ng'oma zamagetsi zolimba musanagule, ndi mmene mungazisungire kuno ku Joni

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuyang'anira zida zoimbira za mpingo wathu, umene umapemphera mu holo ya lendi ku Rosettenville. Lamlungu lililonse m'mamawa timatulutsa katundu m'galaja ya mkulu wina wa mpingo, kumukweza mu bakkie ndi kukamumanga mu holo, ndipo mapemphero akangotha timamumasula mofulumira chifukwa mpingo wina umakhala ukudikira pakhomo. Abale a ku Turffontein, ku Yeoville kapena ku Berea amene amapemphera m'malo obwereka akuudziwa moyo umenewu. Ng'oma zamagetsi zinatikopa chifukwa mawu ake amatheka kuwatsitsa kuti kwaya imveke, ndiponso woimba angathe kuphunzira usiku atavala mahedifoni popanda kukangana ndi anansi a m'fulati.

Chimene ndaphunzira, ndipo ndinachiphunzira titawononga ndalama za chopereka, n'chakuti ambirife timagula ng'omazi ndi makutu pamene mbali zimene zimayamba kufa zimafunika kuziyesa ndi manja. Wogulitsa amakuvekani mahedifoni n'kukusinthirani mawu osiyanasiyana, inu n'kukhutira nthawi yomweyo. Koma kabokosi kotulutsa mawu, kamene oimba amati module, kawirikawiri kamakhala zaka zambiri kali bwinobwino. Zimene zimasweka ndi zopanira mapaipi, mapedulo, mphira ndi mawaya, ndipo chimodzi mwa zimenezi chikafa, mawu okoma aja sakuthandizaninso pa Lamlungu limenelo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, choncho malangizo otsatirawa ndi a mmene mungasuzumire m'kati mwa mkuyuwo musanapereke ndalama.

Choyamba: dziwani ngati ng'omazo zidzakhala malo amodzi kapena zidzayenda

Funso ili liyankhidwe musanapite kusitolo, chifukwa ndi limene limasankha zina zonse. Ng'oma zimene zidzamangidwa kamodzi m'chipinda n'kumaimbidwa ndi munthu mmodzi zingathe kukhala zopepuka ndi zotsika mtengo, ndipo zidzakhalitsa. Ng'oma za mpingo woyendayenda zimamangidwa ndi kumasulidwa kopitirira ka 50 pa chaka, osawerengera maukwati, mapemphero a usiku ndi misonkhano ya chitsitsimutso, ndipo zimadutsa m'manja mwa anyamata atatu kapena anayi amene mphamvu zawo n'zosiyana. Bawuti iliyonse imene imapotokoledwa mlungu ndi mlungu imatha pang'onopang'ono. Ngati ng'oma zanu ndi za mtundu wachiwiriwu, maganizo anga ndi akuti ndi bwino kugula zakale za mafupa olimba kusiyana ndi zatsopano zonyezimira zimene anazipangira mwana wophunzirira kunyumba.

Chachiwiri: gwedezani rack, kenako masulani zopanira zonse

Rack ndi chimango cha mapaipi chimene chimanyamula ng'oma zonse, ndipo pano ndi pamene muyenera kutayapo nthawi yambiri. Pemphani kuti ng'omazo muzione zitamangidwa, osati zili m'katoni. Imirirani kutsogolo kwake, gwirani paipi yapamwamba ndi manja awiri, ndipo muigwedeze uku ndi uku ngati mukuyesa tebulo. Rack yabwino imayenda yonse pamodzi ngati chinthu chimodzi, pamene yofooka imapindika m'malo olumikizira, miyendo ina n'kutsala ina ikusuntha. Onani kunenepa kwa mapaipi: ma rack ambiri a Roland ndi a Gibraltar ali ndi mapaipi a mamilimita 38, amene ndi inchi imodzi ndi theka, ndipo ubwino wa muyezo umenewu ndi wakuti zopanira zake zimapezeka mosavuta ngakhale za kampani ina. Ng'oma zambiri zotsika mtengo zili ndi mapaipi owonda kuposa pamenepa, zimene zikutanthauza kuti chopanira chikasweka mudzafunika chofanana nacho ndendende. Mapaipi a aluminiyamu ndi opepuka ponyamula ndipo sachita dzimbiri, koma amaphwanyika munthu akamanga mopitirira. Achitsulo ndi olemera ndi olimba, koma pamene utoto kapena kunyezimira kwake kwakandika, dzimbiri limayambira pomwepo. Yendetsani dzanja pa paipi iliyonse, ndipo mukapeza malo ophwatalala dziwani kuti pamenepo chopanira sichidzagwiranso bwino.

Tsopano fikani pa zopanira, zimene oimba amati ma clamp. Musachite manyazi kuuza wogulitsa kuti, "Achimwene, ndiloleni ndimasule chimodzichimodzi ndione," ndipo ngati akukana popanda chifukwa chomveka, kukana kwakeko kukuuzeni kanthu. Yatsani tochi ya foni ndi kuunika chopanira chilichonse, makamaka pafupi ndi pamene pamadutsa bawuti. Pulasitiki imene yatopa imaonetsa timizere toyera isanang'ambike, ndipo kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi kamakula msanga ng'oma zikayamba kuyenda pa bakkie. Sikuti chopanira cha pulasitiki n'choipa ayi, pakuti makampani odziwika amagwiritsanso ntchito pulasitiki yokhuthala imene imakhala zaka. Chofunika kuona ndi pamene bawuti ikuluma. Ngati ikulowa mu nati yachitsulo imene anaiika m'kati mwa pulasitikiyo, zili bwino, chifukwa nati ikatha mungaike ina yogula m'sitolo ya zomangira. Ngati bawutiyo ikuluma pulasitiki yeniyeniyo, mazinga ake adzadyeka ndipo tsiku lina idzangozungulira osagwira.

Mukaona ndi maso, yesani ndi dzanja. Mangani chopanira ndi zala zokha mpaka chitalimba, osakakamiza, kenako kanikizani ng'oma imene chanyamula ndi chikhatho chanu. Chopanira chabwino chimagwira chisanafike pamapeto a mazinga ake. Ngati ng'omayo ikuwerama ngakhale mwamanga mpaka pamapeto, chopaniracho chatha. Ife zinatichitikira pakati pa nyimbo zamatamando: ng'oma ya kumanja inayamba kuwerama pang'onopang'ono, mnyamata wina wofuna kuthandiza anabwera ndi pulayala n'kumanga mwamphamvu, ndipo chopanira chinasweka pakati. Tinaimba milungu ingapo titamanga ndi mphira wa chubu cha njinga, tikudikira china chimene chinavuta kupeza chifukwa cha kuwonda kwa mapaipi athu. Kuyambira pamenepo pulayala sitiilola kufika pafupi ndi rack.

Pali chifukwa china chimene zopanira zilili zofunika, chimene ambiri sachidziwa. Ng'oma zamagetsi zimamva kunjenjemera, ndipo rack yogwedera imatumiza kunjenjemera kwa ng'oma imodzi kupita kwa inzake, moti mukamenya imodzi, ina imalira yokha chapansipansi. Anthu amathamangira kunena kuti module yawonongeka pamene vuto ndi bawuti yomasuka. Onaninso timitengo tachitsulo tokhota timene ng'oma zimakhalapo. Ta Yamaha tili ndi mbali 6 ndipo sitizungulira m'malo mwake, pamene ta Roland ndi ta makampani ena ambiri n'tobulungira tokhala ndi timizere togwirira, ndipo timizereto tikasalala ng'oma imayamba kutembenuka ikamamenyedwa. Kusiyana kumeneku kukutanthauzanso kuti ng'oma ya kampani imodzi siingokhala pa kamtengo ka kampani ina.

Chachitatu: yesani nkhope ya ng'oma iliyonse

Ng'oma zamagetsi zimene zinatchuka m'zaka zoyambirira, za kampani ya Simmons ya ku England mu 1981, zinali ndi nkhope yolimba ya pulasitiki imene inkapweteka mikono ya oimba. Mu 1997 kampani ya Roland inatulutsa V-Drums zokhala ndi chikopa cholukidwa ngati neti ya udzudzu, chimene timati mesh, ndipo inachikonza mogwirizana ndi kampani ya Remo. Lero mupeza mitundu itatu: mphira, mesh, ndi silikoni yofewa imene Yamaha imaika pa ng'oma zake zina za DTX. Mphira ndi wosachedwa kuzolowera nkhanza za paulendo, koma ukakalamba umauma n'kuyamba kusweka ndipo kawirikawiri sutheka kuusintha pawokha. Mesh ndi yofewa m'manja ndi yopanda phokoso, ndipo ubwino wake waukulu pa nkhani ya kukhalitsa ndi wakuti ikang'ambika mumaichotsa n'kuika ina monga mmene timachitira ndi ng'oma wamba. Ya nsalu ziwiri zosanjikiza imakhalitsa kuposa ya nsalu imodzi.

Pansi pa mesh pali kachitsulo kopyapyala ngati ndalama yachitsulo, kotchedwa piezo, kamene kamasandutsa kumenya kwanu kukhala mphamvu yamagetsi, ndipo pamwamba pake pamakhala kasiponji kokhudza chikopacho. Kasiponji kameneka ndi kamene kamafa mwakachetechete. Kwezani ng'omayo kuloza kowala ndipo musuzumire kudzera mu mesh: kasiponji kabwino kamaima chilili ndi kukankha chikopa pang'ono, pamene kakutha kamaoneka kophwatalala kapena konyenyeka. Kenako imbani. Yambani pang'onopang'ono kwambiri, ngati mukugogoda chitseko cha munthu wodwala, ndipo muzionjezera mphamvu mpaka pamapeto. Mawu ayenera kukwera motsatira dzanja lanu. Ngati kumenya kofewa sikukumveka, kapena mawu akudumpha kuchoka pansi kufika pamwamba popanda apakati, pali vuto m'kati. Menyani pakati, m'mbali, ndiponso pa mkombero, chifukwa snare, ng'oma imene imakhala pakati pa miyendo ya woimba, ndi ng'oma zina zimakhala ndi mawu awiri, a nkhope ndi a mkombero, ndipo ogulitsa ena saulula kuti a mkombero anasiya kale. Onaninso mphira wokuta mkomberowo ngati sunadyeke mpaka kuonetsa chitsulo, ndipo yesani mabawuti onse okungira chikopa ndi kiyi ya ng'oma kuti muone ngati palibe yodyeka mazinga kapena youma ndi dzimbiri.

Chachinayi: tsikirani kumapazi

Phazi la munthu lili ndi mphamvu kuposa dzanja, ndipo m'nyimbo zathu za kumpingo phazi lamanja silipuma. Ng'oma yaikulu ya phazi, imene timati kick, imabwera m'mitundu iwiri. Pa ng'oma zotsika mtengo kwambiri pamakhala pedulo yamagetsi yopanda chomenyera, imene ndi yabwino m'fulati chifukwa siigunda pansi, koma siikhalitsa m'manja mwa oimba ambiri. Mtundu wachiwiri uli ndi kansanja kamene kamamenyedwa ndi pedulo yeniyeni ya tcheni ndi sipuling'i, ndipo uwu ndi umene ndimalimbikitsa mipingo, chifukwa pedulo yake ndi yofanana ndi ya ng'oma wamba ndipo masipeya ake amapezeka. Pondani mwamphamvu kangapo ndi kuona ngati kansanjako sikakuthawira kutsogolo kapena kupendama. Gwirani pedulo ndi dzanja n'kuigwedezera kumanzere ndi kumanja: ngati ikusewera kwambiri pa chidendene, malo opindikirawo atha. Onani tcheni, sipuling'i, ndi kachopanira kolumikiza pedulo ku kansanja. Ngati nkhope ya kick ndi ya mesh, funsani mwini wake mbali ya chomenyera imene ankagwiritsa ntchito, chifukwa mbali ya ubweya imakhula mesh mpaka kuboola, ndipo yoyenera ndi ya pulasitiki.

Pedulo ya hi-hat, mbale yomenya ndi ndodo imene mawu ake amatseguka ndi kutsekeka ndi phazi lamanzere, ndi imene ndaiona ikuvutitsa anthu kuposa mbali ina iliyonse. M'kati mwa zambiri muli kamphira kamene kamakanikiza kachipangizo kouza module kuti hi-hat yatsekeka kufika pati. Kamphirako kakauma, woimba amayenera kuponda ndi thupi lonse kuti mawu atsekeke. Poyesa, menyani hi-hat mosalekeza uku mukutsitsa phazi pang'onopang'ono, ndipo mawu atsekeke popanda inu kulimbana nayo. Vuto limeneli limakonzeka posintha kamphirako, choncho si chifukwa chokanira ng'oma zonse, koma ndi chifukwa chokwanira chotsitsira mtengo.

Ma cymbal, mbale zina zopyapyala zomenya ndi ndodo, satenga nthawi yaitali kuwayesa. Tembenuzani iliyonse muone ngati pulasitiki ya pansi siinasweke pozungulira bowo lapakati, ndipo onani ngati kachitsulo koletsa cymbal kuzungulira kalipo, chifukwa kakasowa cymbal imazungulira n'kupota waya mpaka kuduka. Menyani pamwamba ndi m'mphepete, kenako igwireni m'mphepete ndi zala mutangoimenya kuti muone ngati mawu akuduka pa ma cymbal amene anapangidwa kutero.

Chachisanu: mawaya ndi mabowo ake

Ng'oma zambiri zimalumikizidwa ku module ndi waya wa pulagi ya mamilimita 6.35, yofanana ndi ya gitala, koma ng'oma za mawu awiri zimafuna pulagi ya mizere iwiri yakuda osati umodzi. Munthu akasintha waya woduka n'kuika wa gitala, mawu a mkombero amasowa. Pa ma module ambiri apakati ndi otsika mtengo, mawaya onse amakumana mu pulagi imodzi yaikulu ya mano 25. Imeneyi imafulumizitsa kumanga, koma waya mmodzi akaduka m'kati mumafunika katswiri wowotcherera kapena kugula mtolo wonse, ndipo musaganize kuti mtolo wa kampani ina ulowa m'malo ngakhale pulagi ikuoneka yofanana. Zulani pulagi yaikuluyo muone ngati palibe dzino lopindika. Kenako, wina akumenya ng'oma, inu gwedezani waya wake pafupi ndi pamene walowera. Mawu akamaduka-duka, waya kapena bowo lake latha. Chitani chimodzimodzi ndi bowo la mahedifoni, mabowo opita ku mikisa (makina osakanizira mawu opita ku masipika), ndi bowo la magetsi, chifukwa mabowo amenewa anawotchereredwa pa bolodi ya m'kati ndipo amamasuka munthu akapunthwa pa waya. Dinani batani lililonse ndi kupotokola chilichonse chopotokola.

Chachisanu ndi chimodzi: funsani za masipeya, ndipo tengani lisiti

Ng'oma yolimba kwenikweni ndi imene ikawonongeka imakonzeka. Musanalipire, imbirani foni sitolo imodzi kapena ziwiri za zida zoimbira muno mu Johannesburg ndi kufunsa ngati amagulitsa kapena angaitanitse chopanira, mesh ndi mtolo wa mawaya za ng'oma zimene mukufunazo. Roland, Yamaha ndi Alesis ndi mayina amene masitolo a kuno amawadziwa. Ng'oma zopanda dzina lodziwika zingaoneke zofanana nazo pa chithunzi, koma kanthu kakang'ono kakasweka mungasowe kolowera.

Dziwaninso kusiyana kwa kogula. Lamulo la dziko lino loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, mu gawo 56 limapatsa wogula miyezi 6 yobwezera katundu amene wapezeka ndi vuto kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe, koma limagwira ntchito mukagula kwa wochita malonda, osati kwa munthu wamba amene akungogulitsa katundu wake pa Facebook Marketplace kapena pa Gumtree. Kwa munthu wamba, mukanyamula ndiye kuti mwatenga mmene ziliri, n'chifukwa chake kuyesa konse ndafotokozaku kuyenera kuchitika ndalama zili m'thumba mwanu. Musatumize ndalama za chikole musanaone katundu, pitani awiri masana, ndipo lembani nambala ya ku fakitale yosindikizidwa pa module pa pepala limene nonse musainirane. Pepala limeneli lidzakuthandizani pofotokozera komiti ya mpingo, komanso pa chipata cha m'malire a dziko ngati mudzatumize ng'omazo kumudzi.

Chachisanu ndi chiwiri: kumanga koyamba

Mukafika nazo kunyumba, yalani kapeti yokhuthala musanaike chilichonse, chifukwa pa matailosi kapena pa simenti yosalala miyendo ya rack imatagalala pang'onopang'ono ndipo kulemera konse kumapita pa zopanira za m'makona. Imikani rack yokha poyamba, muonetsetse kuti miyendo yonse yaponda pansi mofanana, kenako ikani ng'oma. Bawuti iliyonse imangidwe ndi zala mpaka itagwira, n'kuonjezera pang'ono pokha. Nati ya pamwamba pa cymbal isamangidwe kwambiri, cymbal izitha kugwedera ikamenyedwa, apo ayi mphamvu yonse idzathera pa pulasitiki ya pakati.

Kungani mesh musanayambe kuimba. Kumudzi ng'oma yolefuka timaiwamba pamoto, koma iyi imakungidwa ndi kiyi, bawuti imodzi kenako ya moyang'anizana nayo, pang'onopang'ono kuzungulira mpaka chikopa chitalimba mofanana mbali zonse. Mesh yolefuka imalola ndodo kumira n'kukaphwanya kasiponji kaja, ndipo popeza mawu a ng'oma zamagetsi sasintha chikopa chikalefuka, anthu amaimba miyezi osazindikira. Ikanikizeni ndi chala kamodzi pa mwezi. Onaninso nsonga za ndodo zoimbira, chifukwa nsonga yobenthuka imadula ulusi wa mesh. Ndodo zimene zamenyapo ma cymbal achitsulo zisafike pa mesh.

Woimba akakhutira ndi kakhalidwe ka ng'oma zonse, zungulizani tepi pa paipi pambali pa chopanira chilichonse, ndipo jambulani pa kapeti pamene miyendo ndi mapedulo zikuponda. Izi zimachepetsa kumasula ndi kumanga kosafunika. Ngati oimba ndi osiyana misinkhu, agwirizane kuti azisintha mpando ndi snare zokha. Mawaya amangiriridwe ku rack ndi timalamba tomata, koma siyani mpata pang'ono kumapeto kuti asakokeke ng'oma ikagwedera. Mawu amodzi kwa oimba athu: ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika, ndipo pa ng'oma zamagetsi pali malire amene ngakhale mumenye chotani mawu sakweranso. Woimba akamamenya mwaukali, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti sakudzimva, choncho mupatseni sipika yake kapena mahedifoni m'malo momudzudzula.

Chachisanu ndi chitatu: magetsi, fumbi ndi dzuwa la kuno

Mvula ya ku Johannesburg, kuyambira mu Okutobala mpaka cha mu Malichi, imabwera ndi ziphaliwali zoopsa, ndipo magetsi akazima n'kubweranso nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Gulani pulagi yoteteza ku mphamvu yotereyi, koma chitetezo chenicheni ndi kuzula pakhoma mukamaliza kuimba, ndiponso magetsi akangozima. Lembani dzina pa adaputa ya module. Ma module ambiri a Roland amadya mavoti 9 pamene a Yamaha ambiri amadya 12, ndipo mbali ya pulasi ndi ya mainasi pa pulagi zawo n'zosemphana, choncho m'chipwirikiti cha Lamlungu m'mamawa munthu akatenga adaputa ya kiyibodi n'kuilowetsa mu module angathe kuiwotcha.

Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo dzuwa lake limaumitsa mphira msanga, choncho musaike ng'oma pafupi ndi zenera kapena kuzisiya m'galimoto yotseka masana. M'nyengo yozizira, makamaka mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, fumbi limalowa kudzera mu mesh ndi m'mabowo a mawaya. Nsalu ya bedi yakale yofunditsa ng'oma zonse ndi yokwanira. Pukutani mphira ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi okha. Q20 kapena mafuta ena opopera asafike pa mphira, pa mesh kapena pa mapaipi pamene zopanira zimagwira. Kadontho ka mafuta kapite pa tcheni ndi pa malo opindikira a pedulo basi.

Chachisanu ndi chinayi: kunyamula, ndi kutumiza kumudzi

Ng'oma zambiri zimawonongekera pamsewu osati poimba. Pa ulendo wa mlungu ndi mlungu, chotsani module, ma cymbal, snare ndi mapedulo, kenako pindani rack pomasula zopanira ziwiri kapena zitatu za m'makona zokha. Module ikhale m'chikwama chake pamiyendo ya munthu kutsogolo, osati kumbuyo kwa bakkie pamodzi ndi masipika. Ng'oma za mesh zigonekedwe ziwiriziwiri nkhope zitayang'anizana, ndi thaulo pakati, ndipo pamwamba pake pasakhale cholemera chilichonse. Pozula waya gwirani pulagi osati chingwe, ndipo pokulunga musamange pa chigongono.

Ambiri a ife timagulanso ng'omazi kuti titumize ku mipingo ya kumudzi. Ulendo wa basi kapena wa thiraki kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza kapena pa Dedza ndi wautali, ndipo katundu amatsitsidwa ndi kukwezedwa m'zipata ndi anthu amene sadziwa zimene zili m'kati. Jambulani ng'omazo ndi foni mbali zonse zili chimangire, kuti olandira adzathe kutsatira. Masulani rack yonse, chotsani zopanira pa mapaipi chifukwa zikatsalapo ndi zimene zimayamba kusweka katundu wina akatsamira, ndipo mangani mapaipiwo mtolo umodzi ndi bulangete. Mabawuti, manati ndi kiyi zilowe m'kathumba kamodzi komata ku katoni ya module, ndipo waya aliyense alembedwe dzina la ng'oma yake. Mphamvu ya magetsi ku Malawi ndi yofanana ndi ya kuno, mavoti 230, koma soketi za kumudzi ndi za mano atatu amakona pamene za kuno ndi za mano obulungira, choncho ikani m'katoni pulagi yosinthira yolimba kuti asakakakamize mawaya m'khoma. Ngati ng'omazo zikupita kunyanja, ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, auzeni olandira kuti azipukuta mabawuti ndi tcheni kawirikawiri chifukwa cha chinyontho. Pomaliza kulongedza, onjezerani zopanira ziwiri zapadera, mesh imodzi ya muyezo wa snare, mawaya awiri a mizere iwiri ndi sipuling'i ya pedulo, chifukwa zinthu zimenezi n'zosavuta kuzipeza muli kuno kusiyana ndi pamene ng'omazo zafika kale ku Ntcheu kapena ku Mzimba.